Sikelo yanga ikungovina: kodi common-mode ndi differential n'chiyani kwenikweni?

Wowerenga wina walemba motere:

"Zikomo akatswiri. Ndine wophunzira za zipangizo zamagetsi, ndili chaka chachiwiri. Ndikupanga sikelo yoyezera katundu mpaka makilogalamu 50. Ndili ndi load cell (kachipangizo kosandutsa kulemera kukhala signal ya magetsi) ya 350 Ω, papepala lake analemba 2 mV/V, ndipo ndikuipatsa 5 V. Mawaya ake awiri otulutsa signal ndawalowetsa mu LM358 kudzera m'ma resistor anayi, awiri a 1 kΩ ndi awiri a 100 kΩ, onse a 1%, kuti signal ikule ka 100. Chingwe chili chachifupi imayeza bwinoko, koma nditachilumikiza kuti chifike mamita atatu manambala anayamba kuvina. Mota yapafupi ikangoyaka, sikelo yopanda kanthu imaonetsa ngati pali katundu. Ndasintha LM358 katatu koma palibe chasintha. Aphunzitsi anangondiuza kuti vuto langa ndi common-mode, ndipo m'buku ndikungoona masamu okhaokha. Chonde ndithandizeni, common-mode ndi differential zikusiyana pati, nanga ndichite chiyani?"

Zikomo achimwene pofunsa, paja akuluakulu amati safunsa anadya phula. Mwachitanso bwino kulemba manambala onse, chifukwa ndi omwewo amene atisonyeze pamene pagona vuto. Mtima ukhale m'malo. Simunaotche kanthu, ndipo ndikukhulupirira kuti ma LM358 atatu aja, omwe ndi ma op-amp (tichip tokulitsa signal), onse ndi abwinobwino. Zimene zakuonekerani zimaonekera pafupifupi aliyense amene wayamba kukulitsa signal yaing'ono yochokera patali. Pa zaka zimene ndakhala ndikukonza zipangizo zoyezera, ndaona anthu ambiri akuchotsa op-amp yabwino n'kuikapo ina yodula, vuto osasuntha ngakhale pang'ono, chifukwa silinali mu op-amp.

Tiyambe ndi mawaya anu awiriwo. Ikani katundu wa makilogalamu 50 pasikelo, mutenge multimeter, muyeze waya aliyense payekha kuchokera ku ground. Wina mupeza ali pa 2.505 V, winayo pa 2.495 V. Manambala awiriwa mukhoza kuwanena mwanjira ina popanda kutaya kanthu: mawaya onse awiri aima pafupi ndi 2.5 V, ndipo akusiyana ndi 10 mV. Kusiyanako, V1 kuchotsera V2, ndiye differential signal. Pamene aima onse awiri, V1 kuphatikiza V2 n'kugawa pawiri, ndiye common-mode. Masamu onse a m'buku lanu lija achokera apa. Kulemera kwa katundu kuli mu 10 mV yokhayo. 2.5 V ija sikukuuzani kanthu za katundu, komabe ndi yaikulu kuwirikiza ka 250 kuposa signal imene mukuifuna, ndipo ampulifaya yanu ikuyenera kuinyalanyaza.

Ophunzira anga ndimawauza kuti aganizire anthu awiri ataima m'bwato limodzi, wina wamtali wina wamfupi. Funde likabwera limawanyamula onse pamodzi. Munthu wa pamtunda amaona mitu yawo ikukwera ndi kutsika kwambiri, koma wina akafunsa kuti wamtaliyo akumposa mnzake ndi zala zingati, yankho silisintha, funde likule bwanji. Funde ndilo common-mode, kutalika kosiyanako ndiye differential. Tsopano taonani chimene chimachitika bwato likamapendekeka pamene funde likudutsa. Mbali imodzi imakwera kuposa inzake, wamfupi uja n'kuoneka ngati watalika. Fundelo lalowa m'muyezo wanu. Gwiritsitsani chithunzi chimenechi, chifukwa nkhani yanu yonse ili pa kupendekekako.

Chingwe chikadutsa pafupi ndi mawaya a magetsi a m'nyumba kapena mota, chimatola phokoso la 50 Hz, kapena 60 Hz m'mayiko ena, ndi lina lothetheka lochokera ku ma brush a mota. Mawaya awiri oyenda mogundana amalitola pafupifupi mofanana, ndiye limafika pa ampulifaya ngati common-mode. Ampulifaya yangwiro ikanalichotsera lonse. Yeniyeni ili ndi gain ziwiri (gain ndi nambala yonena kuti ikukulitsa kangati): ina yaikulu yokulitsa kusiyana, ina yaing'ono yosafunika imene imadutsitsa pang'ono za common-mode. Mukagawa yoyambayo ndi yachiwiri mumapeza CMRR, nambala yonena kuti ampulifaya imakana common-mode mwamphamvu bwanji. Kawirikawiri imalembedwa mu dB. 60 dB ndi 1,000, 80 dB ndi 10,000, 100 dB ndi 100,000. Ndiye CMRR ikakhala 80 dB, 1 V ya common-mode imaoneka ngati 0.1 mV ya signal yeniyeni.

M'kati mwa op-amp ntchito yokanayi imagwiridwa ndi ma transistor awiri ofanana amene amagawana current imodzi yosasintha, yotulukira kumchira umodzi. Mukakweza ma input onse awiri pamodzi, palibe transistor imene ingalande zambiri, poti chakudya n'chomwecho ndipo onse akukoka mofanana. Mukakweza input imodzi yokha, current imapendekera mbali imeneyo ndipo output imasuntha. Kalumikizidwe kameneka amakatcha long-tailed pair, ndipo Alan Blumlein wa ku Britain anakalembetsa mu 1936, nthawi ya ma valve, ma transistor asanabwere. Mpaka lero ndi khomo lolowera la pafupifupi op-amp iliyonse. LM358 yanu papepala lake amalonjeza CMRR yosachepera 65 dB, ndipo zambiri zimafika cha m'ma 80.

Koma op-amp siona mawaya anu mwachindunji. Imaona zimene ma resistor anayi aja aibweretsera. Kuti common-mode ifafanizike, 100 kΩ kugawa ndi 1 kΩ kumbali imodzi kuyenera kufanana ndendende ndi 100 kΩ kugawa ndi 1 kΩ kumbali inayo. Resistor ya 1% yolembedwa 1 kΩ ikhoza kukhala 990 Ω kapena 1,010 Ω. Zonse zinayi zikalakwira mbali yoipitsitsa, CMRR ya dera lonselo imakhala gain kuphatikiza 1, kugawa ndi kanayi ka kulakwako. Kwa inu ndi 101 kugawa ndi 0.04, pafupifupi 2,500, kapena 68 dB. Ikanipo op-amp ya 120 dB, mupezabe 68 yomweyo. N'chifukwa chake kusintha LM358 katatu sikunaphule kanthu. Ndipo inu muli ndi mwayi chifukwa gain yanu ndi yaikulu. Wina akapanga dera lomweli ndi gain ya 1 ndi ma resistor a 1%, akhoza kutsala ndi 34 dB yokha, kutanthauza kuti gawo limodzi mwa 50 la phokoso likudutsa.

Tiyeni tiisandutse makilogalamu kuti muimve bwino. Pasikelo yanu 10 mV ndi makilogalamu 50, ndiye 1 µV ndi magalamu 5. 2.5 V ija ikadutsa pa CMRR ya 2,500 imaoneka ngati 1 mV, omwe ndi makilogalamu 5 pasikelo yopanda kanthu. Amenewo sadetsa nkhawa kwambiri malinga ngati sakusuntha, mumangowachotsera poika ziro. Chovuta ndi pamene common-mode yayamba kuyenda. Mota ikayaka n'kukoka magetsi, 5 V yanu n'kutsika ndi 100 mV, mawaya onse awiri amatsika ndi 50 mV, ampulifaya n'kuona 20 µV, sikelo n'kunena magalamu 100 amene kulibe. Chingwe chikatolanso phokoso la 100 mV, awo ndi magalamu 200 okwera ndi kutsika. Kuvina kuja n'kumeneku.

Palinso china chimene buku silinena kawirikawiri. Ma resistor a 1 kΩ sali okha. Chilichonse chimene chili kumbuyo kwawo chimawerengedwa nawo limodzi. Load cell ya 350 Ω imaoneka ngati 175 Ω kumbali iliyonse, ndiye 1 kΩ yanu yasanduka 1,175 Ω, ndipo gain imene mukuiyesa 100 ili pafupi ndi 85. Zimenezo zikanangothera pa gain bwenzi zili bwino. Koma mwanena kuti chingwe munachita kulumikiza. Mamita atatu a waya wa kopa safika ngakhale 1 Ω, koma mfundo yopotokola ndi zala n'kukulunga tepi ikhoza kufika ma ohm angapo, ndipo imasintha mukaigwedeza. 10 Ω pa waya mmodzi yekha, poyerekeza ndi 1 kΩ, ndi 1% yathunthu. Mfundo imodzi yawononga ngati resistor imodzi yolakwika.

Ndinaitanidwapo kufakitale ina kumene sikelo yaikulu yapansi inkasintha manambala usiku, masana n'kumayeza bwino. Anali atasintha kale bokosi lonse la ampulifaya. Nditatsegula kabokosi kolumikizira mawaya pansi pa sikeloyo, ndinapeza sikuluwu imodzi yokha itachita dzimbiri lobiriwira, zitatu zinazo zikuwala. Chinyezi cha usiku chinkasintha resistance ya malo amodzi amenewo. Tinapala, tinamanga bwino, tinatseka bowo lolowera madzi, ndipo sikeloyo inakhazikika tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo, ndisanakhudze chip iliyonse, ndimayamba ndayenda ndi chingwe kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, n'kumafunsa pa mfundo iliyonse ngati waya uyu akukumana ndi zofanana ndi mnzake.

Chimene ndikufuna mutole ndi ichi. Phokoso likakhala common-mode silinakupwetekeni, likadali kunja kwa muyezo. Limakupwetekani pamalo pamene njira ziwirizo zasiyana, kaya ndi resistor, mfundo, capacitor kapena waya mmodzi wotalika kuposa mnzake, chifukwa pamenepo gawo lake limasanduka differential. Likasanduka, ampulifaya ilibe njira yolisiyanitsira ndi katundu weniweni, imalikulitsa ka 100 mokhulupirika. Madzi akatayika saoleka. Pasikelo mukhoza kupulumukako pang'ono posefa 50 Hz ndi filter, popeza kulemera kumasintha pang'onopang'ono. Koma pa maikolofoni kapena pa makina oyezera kugunda kwa mtima, 50 Hz ili pakati penipeni pa signal yofunikayo, ndipo kuisefa n'kutaya zina zimene mumafuna kumva.

Musanagule kalikonse, yezani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chotsani load cell, mulumikize ma input awiri aja pamodzi ndi kawaya kakafupi, kuti kusiyana kukhale ziro weniweni. Kenako apatseni onse pamodzi 2 V, mulembe zimene output ikuonetsa, muwakweze kufika 3 V, mulembenso. Output ikasuntha ndi 40 mV pa 1 V imene mwasinthayo, gain ya common-mode ndi 0.04, ndipo CMRR ndi 100 kugawa ndi 0.04, 2,500 ija. Mwaiona ndi maso anu tsopano, si ya m'buku. Chenjezo limodzi: LM358 yoyendera 5 V yokha singatsike pansi pa ziro, ndiye cholakwacho chikapendekera kumunsi output imangokakamira pafupi ndi 0 V, inu n'kuganiza kuti zonse zili bwino. Mwendo wa 100 kΩ umene munaupititsa ku ground upititseni ku voltage ina yokhazikika, monga 1 V, kuti output ikhale ndi malo oyenda mbali zonse. Koma voltage imeneyo isachokere mwachindunji pa ma resistor awiri ogawa, chifukwa resistance yawo iwonjezereka pa 100 kΩ ya mbali imodzi yokha, n'kupendeketsanso bwato. Idutse kaye mu op-amp yachiwiri imene ili kale mu LM358 yanuyo, yolumikizidwa ngati buffer, kutanthauza yongobwereza voltage osaikulitsa.

Muyezo wachiwiri ndi wa chingwe. Kumapeto kwa mamita atatu aja chotsani load cell, muikepo ma resistor awiri ofanana pakati pa 5 V ndi ground, ndipo mawaya onse awiri a signal muwalumikize pakati pawo. Yatsani mota. Manambala akavinabe, vuto lili m'chingwe, m'mfundo kapena m'magetsi odyetsa dera. Akakhala chete, mwina mota ikungogwedeza tebulo, ndipo load cell ikunena zoona zokhazokha. Zimenezi ndaziona kangapo. Kunjenjemera kwa tebulo ndi differential signal yeniyeni, ndipo mankhwala ake ndi labala pansi pa miyendo ya sikelo, osati ampulifaya ina.

Si cholakwa chilichonse chimene ndi common-mode, ngakhale aphunzitsi anu analoza malo oyenera. LM358 ili ndi offset yakeyake pakati pa ma input, kawirikawiri 2 kapena 3 mV, nthawi zina mpaka 7 mV, pamene signal yanu yonse ndi 10 mV. Offset imeneyi imayendanso ndi kutentha, pafupifupi 7 µV pa digiri iliyonse, omwe kwa inu ndi magalamu 35. Gwirani chip ndi chala kwa kanthawi muone manambala akukwawa. CMRR siingathandize apa chifukwa cholakwacho chabadwira m'kati ngati kusiyana. Ndinene mosabisa: LM358 ndi chip yabwino yophunzirira ndi yogwira ntchito zambiri, koma sinapangidwire kuyeza ma microvolt.

Nanga mukonze bwanji? Yambani ndi chingwe, poti n'chimene chinayambitsa. Chotsani mfundo, muike chingwe chimodzi chathunthu, kapena mfundozo muzimate bwino ndi solder. Mawaya awiri a signal akhale opotana okhaokha, awiri a 5 V ndi ground apotanenso paokha. Kupotako kuli ndi chifukwa. Mphamvu ya maginito yochokera ku mota ikadutsa mumpata wa pakati pa mawaya awiri, imabala voltage imene ndi differential kuyambira pachiyambi, ndipo palibe CMRR imene ingaikane. Mukawapota, mpatawo umachepa, ndipo kapindidwe kalikonse kamatola mosemphana ndi kotsatira, n'kufafanizana. Alexander Graham Bell analembetsa njira imeneyi mu 1881 chifukwa cha mawaya a telefoni, ndipo chingwe cha netiweki ya kompyuta chimene mumachiona lero chimadalira yomweyo. Chingwe chikakhala ndi shield, chikuto chachitsulo chokuta mawaya, ilumikizeni ku ground mbali ya ampulifaya. Pa signal zoyenda pang'onopang'ono ngati yanu, kuilumikiza mbali zonse ziwiri nthawi zambiri kumatsegulira njira current yoyendayenda pakati pa ma ground awiri osiyana. Ndipo chingwecho chisayende limodzi ndi waya wa mota. Chikayenera kumudutsa, chimudutse mopingasa.

Ku ampulifaya, njira yotsika mtengo ndi kuika potentiometer yaing'ono motsatizana ndi resistor imodzi ya 100 kΩ yochepetsedwa pang'ono, n'kubwereza muyezo woyamba uja mukuipotoza mpaka output itasiya kusuntha. Imathandiza ndithu, ndipo ndikukulimbikitsani muichite kamodzi kuti dzanja lanu limve mmene kufanana kumagwirira ntchito. Koma kutentha kukasintha imasokonekeranso. Ma resistor a 0.1% angakukwezeni kufika pafupi ndi 88 dB, apo n'kuti malire atakhala LM358 yeniyeniyo. Ngakhale zitero, vuto la 1 kΩ lija likadalipo: dera lanu limakoka current kuchokera ku load cell, ndiye chilichonse cha m'chingwe chimalowa m'masamu.

Yankho lenileni ndi instrumentation amplifier. M'kati mwake muli ma op-amp atatu. Awiri oyamba amalandira waya aliyense payekha, ndipo khomo lawo lili ndi resistance yaikulu kwambiri, ma megaohm mazanamazana kapena kuposa, moti 10 Ω ya mfundo yoipa sioneka n'komwe. Pakati pawo pali resistor imodzi yoika gain. Kukongola kwake kuli apa: mawaya onse akakwera pamodzi, mbali zonse za resistor imeneyi zimakwera mofanana, palibe current yodutsamo, ndiye common-mode imadutsa ndi gain ya 1 basi. Kusiyana kokha ndi kumene kumakulitsidwa ka 100. Pofika pa op-amp yachitatu yochotsera, signal yakula kale pamene phokoso lili pomwe linali. Ma resistor a gawo lachitatulo anawasema ndi laser kufakitale kuti afanane kuposa mmene inu ndi ine tingasankhire ndi manja. Pa AD620, imodzi mwa ma instrumentation amplifier, gain ndi 1 kuphatikiza 49.4 kΩ kugawa ndi resistor yanu, ndiye 499 Ω imakupatsani 100, ndipo CMRR pa gain imeneyo imapitirira 100 dB. AD623 anaipangira kuyendera magetsi a mbali imodzi ngati 5 V yanu. Ngati cholinga ndi sikelo yogwira ntchito basi, HX711 ili ndi ampulifaya ya gain ya 128 ndi ADC (yosandutsa voltage kukhala manambala) ya ma bit 24 mu chip imodzi, ndipo inapangidwira ma load cell. Ine ndikanakhala inu ndikanakonza kaye dera la LM358 mpaka nditamvetsa chifukwa chake linkavina, kenako n'kumangira sikelo yeniyeni pa imodzi mwa zimenezi. Koma chilichonse chimene musankhe, ADC iziyeza poyerekeza ndi 5 V yomweyo imene ikudyetsa load cell, kuti magetsi akatsika, signal ndi muyezo wake zitsikire limodzi.

Instrumentation amplifier nayonso ili ndi misampha yake, ndipo iwiri mwa iyo imachokera ku common-mode yomweyi. Woyamba ndi malire. CMRR imagwira ntchito pokhapokha ma input ali m'kati mwa mpata umene chip imalola. LM358 imalola kuyambira 0 V mpaka pafupifupi 1.5 V pansi pa magetsi ake, ndiye pa 5 V musapitirire 3.5 V. Op-amp ina, TL072 yakale, siifuna kuyandikira mbali yamunsi, ndipo mukaikakamiza output yake ikhoza kutembenuka n'kuthawira kumwamba. Mu instrumentation amplifier muyeneranso kuganizira ma op-amp awiri am'kati amene simuwaona. Output ya aliyense ndi common-mode kuphatikiza kapena kuchotsera theka la signal yokulitsidwa. Pa gain ya 100 ndi 10 mV, wina ali pa 3 V wina pa 2 V, zili bwino. Mukakweza gain kufika 500, wina akufuna 5 V wina 0 V, onse agunda khoma, pamene output yakunja ikuonetsabe nambala yooneka yanzeru koma yabodza.

Msampha wachiwiri ndi kusiya common-mode ilibe poima. Input iliyonse imafuna ka current kakang'ono kwambiri kolowa kapena kotuluka, ndipo kameneka kayenera kukhala ndi njira yobwerera ku ground. Load cell yanu imapereka njirayo yokha, ndiye inu muli bwino. Koma tsiku lina mudzalumikiza thermocouple (mawaya awiri a zitsulo zosiyana oyezera kutentha), kapena transformer, kapena signal yodutsa m'ma capacitor. Mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa ntchito anandibweretsera choyezera kutentha kwa uvuni chogwiritsa thermocouple ya mtundu wa K, imene imapereka pafupifupi 41 µV pa digiri. Chikangoyatsidwa chinkayeza bwino, pakapita kanthawi manambala n'kuthawa. Akagwira waya ndi dzanja chinkabwerera. Thupi lake ndi limene linkapereka njira ya ku ground. Mawaya onse awiri ankakwera pamodzi pang'onopang'ono mpaka kutuluka m'malire, kusiyana kwawo kuli kolondola nthawi yonseyi. Resistor imodzi yopita ku ground inathetsa nkhaniyo.

Dziwaninso kuti CMRR yolembedwa patsamba loyamba la pepala la chip ndi ya DC kapena ya ma frequency otsika. Frequency ikamakwera imagwa, ndipo phokoso la ma brush a mota kapena la ma inverter oyendetsa mota limafika kutali m'ma kilohertz ndi ma megahertz, kumene ampulifaya siingalikane. Choipa china, phokoso lotere likalowa m'ma transistor a pakhomo limatha kusanduka ka DC kosuntha ziro wanu, osaoneka ngati phokoso n'komwe. Liyenera kuimitsidwa lisanalowe. Ikani resistor yofanana pa waya aliyense, capacitor yaing'ono kuchokera pa input iliyonse kupita ku ground, ndi capacitor ina pakati pa ma input awiriwo yaikulu kosachepera ka 10 kuposa ziwirizo. Yapakatiyo ndi yofunika chifukwa ma capacitor awiri sakhala ofanana ndendende, ndipo popanda iyo filter imene mwaika kuti ichotse phokoso ndi yomwe ingalisandutse differential. Filter imeneyi ndi ya instrumentation amplifier. Pa dera lanu la ma resistor anayi, resistor iliyonse yowonjezera imasintha gain.

Mukamvetsa zimenezi pasikelo, muyamba kuziona paliponse. Chingwe cha maikolofoni cha XLR chili ndi mawaya awiri ndi shield, ndipo chimene chimachititsa kuti chisamve phokoso si kuti waya wina amanyamula mawu otembenuzidwa, monga ambiri amanenera, koma kuti mawaya onse awiri amaona impedance yofanana kupita ku ground. RS-485, njira yotumizira uthenga wa makina pa mawaya awiri, imasiyanitsa 0 ndi 1 ndi kusiyana kwa 200 mV kokha, pamene common-mode ikhoza kuyenda kuyambira −7 V mpaka +12 V. Mu CAN, netiweki ya m'magalimoto, mawaya onse amapumira pa 2.5 V, n'kumapatukana wina ku 3.5 V wina ku 1.5 V. Makina a ECG, oyezera kugunda kwa mtima aja, amafunafuna pafupifupi 1 mV ya mtima pathupi limene latola phokoso la magetsi lalikulu kuposa pamenepo, ndipo ambiri amachita kubweza common-mode yotembenuzidwa kudzera pa mwendo wamanja kuti aichepetse isanafike pa ampulifaya.

Potchula ECG ndikuchenjezeni mwamphamvu, chifukwa ophunzira ambiri akamaliza sikelo amafuna kuyesa imeneyi. Musamate mawaya pathupi la munthu kuchokera ku dera lopanga nokha pamene deralo, kompyuta kapena oscilloscope zalumikizidwa kumagetsi a pakhoma. Chimodzimodzi mukafuna kuyeza current ya mota kapena chilichonse cha mbali ya magetsi akuluakulu. Kumeneko common-mode si 2.5 V, ndi ma volt mazana, ndipo kachingwe ka ground ka oscilloscope n'kolumikizidwa ku earth ya pakhoma. Mukakapana pa waya wamoyo mwachititsa shoti, ndipo amene amadula mwendo wa earth pa pulagi kuti apewe zimenezi amasandutsa bokosi lonse la oscilloscope kukhala chinthu chopha. Ntchito yotero imafuna differential probe kapena ampulifaya yokhala ndi isolation, ndi munthu wodziwa ataima pambali panu. Pitaninso kwa aphunzitsi kapena kwa wodziwa za magetsi a m'nyumba ngati chitsulo cha sikelo kapena cha mota chikukugwirani mukachikhudza, kapena multimeter ikuonetsa ma volt angapo a AC pakati pa chitsulocho ndi ground ya dera lanu. Limenelo si vuto la ampulifaya, ndi earth yosalumikizidwa bwino, ndipo liyenera kukonzedwa musanapitirize. Ndipo sikeloyi ikadzakhala yogulitsira malonda, iyenera kuyesedwa ndi ofesi yoona za miyezo m'dziko lanu, ngakhale itakhazikika chotani.

Pakali pano chitani miyezo iwiri ija, woyamba ma input atalumikizidwa pamodzi, wachiwiri kumapeto kwa chingwe mota ikuyenda, ndipo muyezenso 5 V yanu mota isanayake ndi itayaka. Mukalembanso munditumizire manambala amenewo ndi resistance ya waya aliyense wa signal kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, mfundo zili momwemo.